Mayi anga atenga matenda muwodi momwemo, akuti ndi sepsis, kodi anthu amachira?

Nambewe88:
Abale ndithandizeni. Mayi anga anawagoneka kuti awachotse chotupa m'mimba, opaleshoni inayenda bwinobwino mpaka anayamba kumwa phala ndikumayenda okha kupita kubafa, kenako basi thupi kutentha, kunjenjemera, bala kuyamba kutuluka mafinya, pano akumayankhula zosamveka ndipo mkodzo m'thumba muja ukungobwera pang'ono. Adokotala akuti majeremusi alowa m'magazi, akuti sepsis, ndipo akuti mwina awatengera muwodi momwemo. Akuwabaya ceftriaxone koma ine sindikuona kusintha. Amene mukuzidziwa, munthu amachira ku zimenezi? Akachira amabwerera mwakale? Musandibisire chonde.

NesiWaUsiku:
Pepani kwambiri achemwali. Sindikubisirani, matendawa ndi oopsa koma amene amachira ndi ambiri kuposa amene amatisiya. A bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO amati pa anthu 100 odwala sepsis yotengera kuchipatala, pafupifupi 24 amamwalira, koma kwa amene afika mpaka ku ICU, wodi ya odwala kwambiri, zimadutsa theka. Amatinso m'mayiko osauka ngati kwathu kuno, pa odwala 100 ogonekedwa 15 amatenga matenda ena amene sanabwere nawo, pomwe kumayiko olemera ndi 7. Ndiye simuli nokha ayi.

Chandidetsa nkhawa pa zomwe mwalembazi ndi kusokonezeka mutu ndi mkodzowo, zimenezo zitha kutanthauza kuti magazi sakufika mokwanira ku ubongo ndi ku impso, BP itha kukhala yatsika. Musadikire raundi ya mawa mmawa, pitani kwa nesi amene ali pa duty pompano muwauze ziwiri zimenezi, awayeze BP ndi kapumidwe, aone ngati akufunika madripi ena. Komanso funsani za balalo, chifukwa ngati mafinya aunjikana mkati ndiye jekeseni payokha siithandiza olo ikhale yamphamvu bwanji, pamafunika kutsegula ndikutsuka, nthawi zina kubwereranso ku theatre. Kapaipi ka mkodzo ndi kanula ya pamkono yolowetsera dripi nazonso zikakhalitsa ndi khomo la majeremusi, ngati pamene pali kanula patupa kapena pakupweteka nenani asinthe.

WakuLabu_BT:
Ndiwonjezere pa zimene anena sisitawa, nkhani ya ceftriaxone yo. Majeremusi a muwodi siofanana ndi amene munthu amabwera nawo kuchokera kumudzi, awa akhala akukumana ndi mankhwala tsiku ndi tsiku ndiye anazolowera. Ku Queens, a bungwe la kafukufuku la Malawi-Liverpool-Wellcome anaunika zotsatira za magazi kuyambira 1998 mpaka 2016, ndipo majeremusi otchedwa Klebsiella amene samva mankhwala a gulu la ceftriaxone anachoka pa 12 pa 100 mu 2003 kufika pa 90 pa 100 mu 2016. Ena otchedwa E. coli anachoka pa osakwana 1 kufika pa 30. Tangoganizani, ndipo ceftriaxone yemweyo ndi amene timayamba naye pafupifupi wodwala aliyense wa thupi lotentha.

Ndiye funso loti mufunse adokotala ndi ili: kodi mwatenga magazi ndi mafinya kuti akawachite culture? Kulabu timawadzala majeremusiwo mpaka amere, ndikuwayesa kuti akufa ndi mankhwala ati, zimatenga masiku awiri kapena kupitirirapo ndiye kuchedwa kutenga sampulo ndikuchedwetsa zonse. Zikatuluka kuti samva ceftriaxone amasinthira ku ena monga amikacin kapena meropenem, ngakhale amikacin amafunika kusamala naye impso zikakhala kuti zafooka kale, ndipo meropenem yo sapezeka paliponse. Zipatala zambiri za m'maboma culture sachita, ngati kwanuko kulibe funsani mwaulemu za referral ku central. Si mwano kufunsa, ndi mayi anu.

MwanaWaKuNtcheu:
Bambo anga anadutsamo atachita ngozi ya kabaza, mwendo anawaika zitsulo kenako bala linavunda. Anachira, alipo mpaka lero, koma funso lanu lachiwirilo ndiyankhe mosabisa, sanabwerere mwakale msanga ayi. Anatuluka ataonda, miyendo yopanda mphamvu, kumangoiwalaiwala zinthu ndipo usiku amadzidzimuka, munthu woti amalima yekha dimba anatha miyezi asanagwire khasu. Kumudzi anayamba zonena kuti pali munthu wawachita chipongwe, ena kubwera ndi zitsamba zoti tipake pabala, ine ndinakana ndipo tinayambana nazo ndi azakhali. Konzekerani kuti akatuluka adzafuna chakudya chabwino, kuwayendetsa pang'onopang'ono, ndipo thupi likangotenthanso kubwerera kuchipatala tsiku lomwelo osati kukagula ma kapisozi pa golosale.

Chikondi_Jozi:
Koma manesi tiuzeni zoona, si inu nomwe mumafalitsa zimenezi? Munthu kugwira bala la uyu ndikupita kwa wina magolovesi omwewo. Ine zimandipweteka kwambiri, munthu kupita kukachira ndikukatengako imfa.

NesiWaUsiku:
Achimwene sindikana, manja athu ndi njira yaikulu imene majeremusiwa amayendera ndipo amene sasintha magolovesi akulakwa, gadiyani ali ndi ufulu kunena kuti sisita chonde sambani kaye. Koma muonenso mmene timagwirira, nesi mmodzi kapena awiri usiku wonse wodi yodzadza ena agona pansi, mpopi wauma, spirit watha, kumakanda ana awiri atatu pa bedi imodzi. Pamenepo Klebsiella akalowa amayenda ngati moto wa tchire. Izi zimafuna madzi, sopo ndi anthu ogwira ntchito okwanira, si nkhani ya mtima wa nesi yokha.

Achemwali a Nambewe, inu mbali yanu ndi iyi: sambani m'manja ndi sopo musanawagwire komanso mukawathandiza kuchimbudzi, bandeji musatsegule nokha, achibale obwera kudzazonda asakhale pabedi, thumba la mkodzo lisagone pansi komanso lisakwere kuposa chiuno chawo. Muzilemba papepala nthawi imene abayidwa jekeseni ndi kuchuluka kwa mkodzo mukamakhuthula, mawa pa raundi muwaonetse adokotala pamodzi ndi funso la culture lija.