Thandizeni nzeru: filimu yoopsa ya nkhani za kuno ku Mulanje

Abale ndi alongo, ndikupempha maganizo anu. Ife achinyamata a pa Chitakale tikufuna kujambula filimu yoopsa, ija yokhala ndi tinkhani tifupitifupi tingapo mkati mwa filimu imodzi. Nkhani tili nazo: mizimu ya ku Sapitwa, Napolo, mlonda wa usiku m'minda ya tiyi.

Chandivuta ndi ichi. M'mafilimu ambiri oopsa omwe timaonera m'mavidiyo sho, mfiti imakhala gogo wosauka, mtsikana ndiye woyamba kufa, munthu wachialubino kapena wolumala amangomuika kuti aopseze anthu. Ine zimenezi zimandiwawa. Kuno mu 2017 mphekesera za anamapopa zinaphetsa anthu, ndipo mpaka lero agogo athu akumenyedwa powaganizira ufiti. Filimu yathu isakathire mafuta pamoto.

Ndiye tiopseze bwanji oonera popanda kuloza chala anthu amenewa? Kodi nkhani iliyonse ikhale ndi wolemba wake, amayi nawonso alembe zawo? Nanga nkhani imodzi itakhala ya Chilomwe chokhachokha, mawu a Chichewa n'kumalembedwa m'munsi, anthu angaionere? Akuluakulu odziwa miyambo ya m'phirimu, ndi ziti zosayenera kujambulidwa?