Ma peptide a ubongo ndi a mahomoni, kusiyana kwake kuli pati?

WaMayeso:
Akuluakulu ndithandizeni. Achimwene anga ali ku Johannesburg anditumizira chithunzi pa WhatsApp cha kabotolo kolembedwa Semax, akuti ndi odonthezera m'mphuno ndipo anzawo amagwiritsa ntchito kuti mutu uzigwira zinthu msanga, ndiye akufuna anditumizire poti mayeso ayandikira. Chandisokoneza ndi chakuti mayi athu ali ndi shuga, amadzibaya insulin m'mawa ndi madzulo, ndipo ndinamva kuti insulin nayonso ndi peptide. Kodi ndi mtundu umodzi? Ngati ija ikuwathandiza mayi, iyi ingakanike bwanji kwa ine?

MzambaWakale:
Mwana wanga wachita bwino kufunsa usanadonthezere. Mawu oti peptide amangotanthauza kapangidwe, timikanda ta ma amino acid (tizidutswa timene timapanga mapuloteni) tolumikizana basi, sakunena kuti mankhwalawo amachita chani m'thupi. Insulin ili ndi timikanda 51, oxytocin amene timabaya azimayi akangobereka ali ndi 9 tokha. Onsewa ndi mahomoni, thupi limapanga lokha ndipo tikudziwa khomo limene amagogoda. Ine ndaona ndi maso angawa mzimayi akutaya magazi, tamubaya oxytocin, pakangopita mphindi zochepa ukayika dzanja pamimba ukumva chiberekero chalimba ngati mpira, magazi aja achepa. Mayi akonso akabaya, kamashini ka shuga kamaonetsa nambala itatsika, sizofuna kukhulupirira ayi. Insulin inayamba kupatsidwa kwa odwala ku Toronto mu 1922, zaka zoposa 100 anthu akuyeza mlingo wake, kuopsa kwake, zonse. Nchifukwa chake timawauza odwala kuti osabaya kenako nkukhala osadya, shuga akatsikitsitsa munthu amakomoka. Komanso izi zimaonongeka ndi kutentha, kumudzi kopanda firiji ena amaika insulin mu mtsuko wa madzi ozizira. Nanga kabotolo koyenda pa basi masiku awiri padzuwa kafika kali bwanji?

WaKuFamase:
Amayi anena zoona, ine ndingoonjezera za Semax yo. Inapangidwa ku Russia ndipo kumeneko ndi mankhwala ovomerezeka, amapatsa makamaka anthu a sitiroko, koma FDA, bungwe loona za mankhwala ku America, sinavomereze. Chodabwitsa nchakuti inachokera ku homoni, anatenga kachidutswa ka homoni yotchedwa ACTH nkuwonjezera ma amino acid atatu kuti isaphwanyike msanga, yonse pamodzi 7, ndipo ntchito ya ACTH yotokosa homoni ina yotchedwa cortisol siichitanso. Pali inzake Selank, ya ku Russia komweko, imene amati ndi ya nkhawa.

Vuto lalikulu lili apa. Ambiri a mahomoni ntchito yawo amaigwira kumene magazi amafika mosavuta, chiwindi, minofu, chiberekero. A ubongowa amayenera kudutsa mpanda umene umatchinga ubongo kuti zinthu za m'magazi zisamangolowa, ndipo ma peptide ambiri sadutsa bwino, nchifukwa chake amayesa njira ya m'mphuno. Kumwa ngati panado nkovutanso chifukwa m'mimba amagayidwa ngati nyama kapena nyemba. Ndiyeno ungayeze bwanji kuti nzeru zawonjezeka? Palibe kamashini. Kafukufuku wambiri wa Semax ndi wa makoswe ndi wa odwala ochepa ku Russia, osati wa mnyamata wathanzi wofuna kukhoza pepala. Ngakhale Cerebrolysin, jakisoni wa ku Austria wopangidwa kuchokera ku ubongo wa nkhumba (Asilamu ndi a Seventh Day mumve pamenepo), a Cochrane, bungwe lounika kafukufuku wa zachipatala, ataunika anapeza kuti palibe umboni woti amachepetsa imfa kwa odwala sitiroko. Ndipo zogulitsidwa pa intaneti zambiri zimalembedwa kuti ndi za kafukufuku chabe osati za anthu, mkati mwakemo simungadziwe muli chani. Funsani a PMRA, bungwe loona za mankhwala kuno ku Malawi, ngati Semax yo analembetsa.

BamboWaAna4:
Musaone ngati a mahomoniwo ndi osewera nawo poti ndi ovomerezeka. Bambo anga a khansa ya prostate ankabayidwa Zoladex pamimba, kajakisoni kake kakakulu ndithu, adokotala anatiuza kuti masiku oyamba testosterone, homoni ya chimuna, imakwera kaye kenako nkugwa. Inagwadi, magazi anaonetsa, koma madala ankatuluka thukuta usiku mpaka kusintha malaya, mphamvu zinatheratu. Amagwira ntchito zedi koma amapwetekanso. Ndimamva chisoni ndikaona atsikana akugula Ozempic, jakisoni wa shuga wotsanzira homoni, pa Facebook kuti aonde opanda dokotala.

WaMayeso:
Zikomo kwambiri nonse. Ndawaimbira achimwene, ndawauza asagule, ndalamayo atumize tigulire mayi timapepala toyezera shuga tinatha sabata yatha. Amayi azamba, za mtsuko zija, kabotoloko timakamiza m'madzimo kapena timakakulunga kaye mu pulasitiki?