Aphunzitsi andibwezera kanema kawiri, chonde ndithandizeni

Membala Wosadziwika:
Akuluakulu a pa gulu lino, ndakupatsani moni nonse. Ndapempha kuti dzina langa lisaoneke chifukwa anzanga ena a m'kalasi ali momwe muno. Ndine mnyamata wa chaka choyamba pa koleji ina mu Blantyre, kumene ndikuphunzira za utolankhani, ndipo chigawo chino tayamba phunziro la kajambulidwe ka kanema. Aphunzitsi anatigawa m'magulu a anthu anayianayi n'kutituma kukajambula kunja kwa sukulu. Ife tinasankha bambo wina wokazinga tchipisi pa chiwaya pamsika wa kufupi ndi kwathu. Tinajambula n'kupereka, koma anatibwezera. Tinabwereza Loweruka lapitali, atibwezeranso, ndipo akuti Lachisanu likubwerali ndi mwayi wotsiriza.

Chimene chikundipweteka n'chakuti pa anayife wovutika ndine ndekha. Mnzathu wina amangotumiza uthenga woti ali ku maliro, koma madzulo a tsiku lomwelo timamuona pa WhatsApp ataika zithunzi za ku mpira. Mtsikana wa m'gulu lathu anabwera tsiku loyamba lokha, n'kunena kuti utsi wa chiwaya ukumulowa m'tsitsi. Ine ndimakhala kwa amalume, ndimakwera maminibasi awiri popita kusukulu, ndipo akazi awo amadandaula kuti ndikutha mayunitsi a magetsi ndikamakhala pa laputopu usiku, pamene laputopuyonso ndi yobwereka. Fizi anandilipirira mayi anga atagulitsa soya kumudzi, moti ndikalephera phunziroli sindikudziwa kuti ndikawauza chiyani. Bambo wa tchipisi uja nayenso wayamba kufuna kangachepe, akuti tikumuthamangitsira makasitomala. Kodi ndikulakwitsa pati?

Mkonzi wa Kanema:
Achimwene, pepani ndi zonsezi, koma mwafotokoza za amalume, za soya ndi za tsitsi la mnzanu, osatiuza chinthu chimodzi chimene tingakuthandizireni nacho. Kodi aphunzitsi analemba kuti chiyani pobweza ntchitoyo? Nanga ntchitoyo ikufuna chiyani kwenikweni, ndipo mukujambulira kamera ya kusukulu kapena foni?

Wojambula Maukwati Wakale:
Mwanawe, usatope ndi mafunso amenewa, chifukwa vuto lako ndalidziwa kale ngakhale kanemayo sindinamuone. Chithunzi chako chikunjenjemera. Ine ndinayamba ntchito imeneyi nthawi ya matepi a VHS, wailesi ya kanema ya TVM isanatsegulidwe mu 1999, ndi kamera yolemera moti ukachoka ku ukwati phewa limakhala litatupa, ndipo ophunzira onse amene ndawaonapo matenda awo ndi amodzi: kuyendayenda ndi kamera ngati akusaka nkhuku, ndiponso kuseweretsa zoom, batani lokokera chithunzi pafupi. Peza tripod, choimikapo kamera cha miyendo itatu, uikepo kamera, uisiye. Ngati tripod palibe, tsamira khoma, kanikiza zigongono zako m'nthiti, kapena ika kathumba ka mpunga patebulo n'kukhazikapo kamerayo. Ukafuna kuti chinthu chioneke pafupi, yenda ndi miyendo yako uchiyandikire. Zina zonse zimene akuuze pano ndi za m'mabuku.

Mkonzi wa Kanema:
Bambo, za tripod sindikutsutsa, koma munthu akhoza kuika kamera pa tripod n'kujambula mphindi khumi zosanjenjemera zimene wokonza kanema sangathe kuzidula. Ine ntchito yanga ya tsiku ndi tsiku ndi kulumikiza zimene ena ajambula, ndipo chimene chimandivuta kwambiri kwa ophunzira ndi kubwera ndi shot imodzi yaitali, kutanthauza chigawo chojambulidwa osaimitsa kamera, yojambulidwa pamalo amodzi. Achimwene, pa chiwaya chomwecho yambani ndi wide shot, yoonetsa msika, benchi, chiwaya ndi bamboyo thupi lonse, kuti woonera adziwe kumene ali. Kenako tengani medium shot, kuyambira m'chiuno kupita kumutu. Mukatero yandikirani mutenge close-up ya manja akusenda mbatata, ina ya mafuta akubwata mbatata ikamagwera, ina ya nkhope yake akupewa utsi, ndi ina yochokera kumbuyo kwa phewa lake yoonetsa zimene iye akuona. Shot iliyonse muigwire masekondi osachepera khumi musanagwedeze kamera, ngakhale mukudziwa kuti mudzagwiritsa ntchito masekondi atatu okha. Musaiwale zina zapambali monga kasitomala akuwerenga ndalama kapena mwana akuthira mchere ndi tsabola, chifukwa zimenezo ndi zimene zimabisa pamene mwadula.

Wojambula Maukwati Wakale:
Mayi, mayina a chizungu amenewa ife tinkawachita tisanadziwe kuti ali ndi mayina. Pa ukwati palibe amene amauza mkwati kuti abwereze kuveka mphete chifukwa wojambula akufuna close-up. Ndajambula maukwati osawerengeka ku Ndirande, ku Zomba mpaka ku Mzuzu, ndipo palibe banja limene linandibwezerapo tepi. Ana a masiku ano amatuluka ku koleji akudziwa kutchula wide shot, koma ukawapatsa kamera pa pelekanipelekani amajambula misana ya anthu.

Mkonzi wa Kanema:
Koma amene akupereka malikisi si banja la mkwati, bambo. Ndi mphunzitsi amene akufuna kuona ngati mwana wamvetsa mitundu ya ma shot.

Wa Zokuzira Mawu:
Nonse mukukangana za chithunzi, koma palibe amene wafunsa za mawu, ndipo n'chimodzimodzi kulikonse kumene ndimagwira ntchito. Pamsika pamakhala wailesi ya wogulitsa nyimbo, makondakitala akuitanira, njinga zamoto ndi mphepo. Maikolofoni ya pa kamera imatola zonsezo mofanana, ndipo ngati bamboyo akuyankhula ali mamita atatu kuchokera pa kamera, mawu ake amamira. Munthu amapirira chithunzi chosaoneka bwino, koma mawu osamveka amamuchotsa msanga. Ngati maikolofoni yomata pa kolala mulibe, tengani foni yachiwiri, muyatse chojambulira mawu, muiike m'thumba la malaya ake kumene kuli maikolofoni kutaloza kumwamba. Musanayambe, wina aombe m'manja kamodzi pamaso pa kamera, kuti pokonza mudzagwirizanitse mawu ndi chithunzi pa kuombako. Pomaliza mujambule mphindi imodzi ya phokoso la mafuta ndi msika popanda woyankhula.

Wojambula Maukwati Wakale:
Foni m'thumba la munthu wokazinga, pamwamba pa mafuta otentha? Akangowerama, foniyo idzatuluka itapsa pamodzi ndi tchipisi. Langizani mwana zinthu zotheka.

Mnyamata wa ku Kabaza:
Achimwene, ine ndikuona kuti aphunzitsiwo akubweza kanemayo chifukwa mukuwaonetsa tchipisi osawatengera. Lachisanu mupite ndi kanema kudzanja limodzi, jumbo ya tchipisi ndi kabichi wake kudzanja linalo, muone ngati sakhululuka.

Mayi a Mapasa:
Nkhani imeneyi yandikumbutsa zimene zinandichitikira pa chinkhoswe cha mwana wa achemwali anga. Anandipatsa kamera kuti ndijambule chifukwa amati ndine wodekha. Pamene ankhoswe ankasinthana nkhuku ndinadina batani kawiri osadziwa, ndiye pamene ndinkaganiza kuti ndikujambula kamera inali itaima, ndipo pamene ndinkaitsitsa kuti ndipume m'pamene inkajambula. Tinapeza mphindi zambirimbiri za fumbi, nsapato za anthu ndi mawu anga ndikufunsa kumene kuli thobwa. Achemwali anga mpaka lero salola kuti nkhaniyi ithe. Mwana wanga, uziyang'ana kadontho kofiira kaja koonetsa kuti kamera ikujambula nthawi zonse. Komanso sindinakonde mmene wanenera za akazi a amalume ako pagulu la anthu ochuluka chonchi. Akukusunga m'nyumba mwawo, ndipo magetsi ndi ndalama. Bambo wa tchipisi naye sakulakwa, chifukwa amene akuima pa chiwaya chake ndi kamera masiku awiri ndiwe. Mugulireko mbale ziwiri, umufotokozere bwino kumene kanemayo akupita, ndipo makasitomala osafuna kuoneka usawajambule mokakamiza.

Wophunzira Chaka Chachitatu:
Ine ntchito yonga imeneyi anandibwezera chaka choyamba chifukwa cha lamulo la madigiri 180, ndipo ndikukayika kuti mwina inunso ndi lomwelo. Yerekezani mzere wochoka pa wokazinga kufika pa kasitomala wake. Kamera yanu iyenera kukhala mbali imodzi ya mzerewo pa ma shot onse. Mukaudumpha, wokazinga amene amayang'ana kudzanja lamanja amapezeka akuyang'ana kumanzere mu shot yotsatira, ndipo woonera amaona ngati anthu awiriwo afulatirana. Chinanso, yatsani pa kamera timizere togawa chithunzi patatu chopingasa ndi patatu choimirira, muike maso a munthu pa mzere wapamwamba, ndipo musiye mpata kumbali imene akuyang'ana. Ngati ndi foni, muigoneke chopingasa, chifukwa kanema woimirira ngati wa pa TikTok aphunzitsi ambiri a za wailesi ya kanema samulandira, amafuna wotambalala chopingasa, wa 16:9. Muonenso kuti mafoni ambiri amajambula zithunzi 30 pa sekondi, pamene kuno timagwiritsa ntchito 25, ndipo popeza magetsi athu ndi a 50 Hz, kanema wa 30 amatha kuphethiraphethira pansi pa nyali zina.

Wojambula Maukwati Wakale:
Iwe wa chaka chachitatu, mwanayu akujambula pamsika masana dzuwa likuswa mtengo, ndiye kuphethira kwa nyali kukubwera bwanji pamenepa? Izi ndi zimene ndikunena, kuloweza manambala osayang'ana malo. Ngati mukufuna kunena za kuwala, nenani zoona zake. Chiwaya chimakhala pansi pa kadenga ka malata kapena ka pulasitiki, wokazinga ali mumthunzi, kumbuyo kwake kuli dzuwa lowala. Kamera imayeza kuwala kwa kumbuyoko, ndipo nkhope ya munthu imasanduka chikuni. Ima poti kuwala kuchokere kumbuyo kwako kukagwere pankhope yake. Upite m'mawa kapena dzuwa litapendeka, osati lili paliwombo pamene maso a munthu amalowa m'maenje a mthunzi. Koma zonsezi popanda tripod ndi kutunga madzi ndi lichero.

Wophunzira Chaka Chachitatu:
Bambo, pa nyali mwanena zoona ngati amajambula masana, koma mwini nkhani sanatiuze nthawi imene amapita, ndipo ziwaya zambiri zimachita malonda madzulo. Pa foni akhozanso kugwira chala pankhope ya munthuyo kwa kanthawi kuti kuwala ndi focus, yomwe imachititsa kuti nkhopeyo ioneke bwinobwino, zisamasinthesinthe zokha.

Bambo a Kwaya:
Ine za makamera sindizidziwa, koma za magulu a kusukulu ndikuzidziwa bwino chifukwa mwana wanga zinamuchitikira. Anagwira ntchito yekha, anzake n'kudzalemba mayina awo tsiku lopereka. Pitani kwa aphunzitsi mukanene kuti awiri aja sakubwera, musachite manyazi.

Membala Wosadziwika:
Zikomo kwambiri nonse, ndawerenga ndipo zina ndazilemba m'kope. Mayi a Mapasa, pepani ngati ndinalankhula mosayenera, koma dzulo lomweli akazi a amalumewo anandizimitsira nyali ndili pakati pa ntchito. Za tripod, kusukulu zilipo zochepa ndipo amayamba kutenga ndi a zaka zapamwamba. Achemwali amene munafunsa zimene aphunzitsi analemba, pepala lake anapatsa mnzathu wa maliro uja chifukwa ndiye mtsogoleri wa gulu, ndipo ine sindinaliwerenge. Iye anangondiuza kuti akuti tibwereze.

Mkonzi wa Kanema:
Achimwene, ndiye kuti mwabwereza ntchito kamodzi kale osadziwa chimene chinalakwika, ndipo mukufuna kujambula kachitatu chimodzimodzi. Muimbireni mnzanuyo lero akutumizireni chithunzi cha pepalalo, ndipo akapanda kuyankha mukagogode ku ofesi ya aphunzitsi mawa m'mawa muwafunse okha. Mukalipeza mubwere nalo pano tione. Funso langa lina lija simunayankhebe: mukujambulira kamera kapena foni?

Wojambula Maukwati Wakale:
Pepalalo likabwera mudzandiuze ngati silikunena za kunjenjemera. Mwanawe, tripod yanga yakale ilipo, mwendo umodzi ndinaumanga ndi mphira koma imaima bwinobwino. Undipeze ku inbox tikambirane za mtengo wobwerekera.