Mwana wanga wakakamira metallurgy, ntchito yake adzaipeza kuti?

Nachisale, Matawale:
Abale anga, ndithandizeni nzeru. Mwana wanga wamkazi wakhoza bwino MSCE, makamaka masamu, physics ndi chemistry. Pa fomu ya NCHE yofunsira malo ku mayunivesite a boma akufuna kuika metallurgy patsogolo, kaya ku MUST ku Thyolo kaya ku MUBAS ku Blantyre. Akuti kumeneko amaphunzira za zitsulo ndi miyala ya m'migodi, chimene chimalimbitsa chinthu ndi chimene chimachithyola. Amalume ake akuti alembe unamwino basi, poti odwala satha. Ine ndimagulitsa zitenje mumsika wa Zomba, ndiye zaka zisanu za fizi ndi lendi si nkhani yaing'ono kwa ine. Amene mukudziwa, akamaliza adzalowera kuti?

Bambo a Tadala, Chinamwali:
Mayi, mwanayo musamugwetse ulesi. Ine ndinaphunzira chemistry pa Chanco pompano, lero ndimayeza zomangira mu labu ya kampani ina yomanga misewu. Anthu akamva metallurgy amangoganiza za mgodi, pomwe wodziwa khalidwe la chitsulo ndi simenti amafunika paliponse pamene pakumangidwa.

Ndikuuzeni zimene timachita. Konkireti akamathira pa mlatho, timatapako n'kuika m'zikombole za mamilimita 150 mbali zonse. Ikagwira timaiviika m'madzi, ina n'kuiphwanya ndi makina pakatha masiku 7, ina pakatha masiku 28. Nambala imene makina asonyeza ndi imene imanena ngati mlathowo uli bwino kapena augumule. Zitsulo zoika mu konkireti timazikoka mpaka ziduke. Ngakhale mchenga wa mu Likangala sitiukhulupirira ndi maso: timauthira m'botolo la madzi, kukhutchumula, n'kuusiya ukhazikike. Matope amakhala pamwamba pa mchengawo, ndipo akachuluka, simenti yanu mwataya.

Kuyambira 2018 malamulo amaletsa njerwa zootcha pa zomanga za boma ndi nyumba zamalonda, n'chifukwa chake oumba mabuloko achuluka chonchi m'mbali mwa msewu wa ku Blantyre. Koma ndi angati amene amayezetsa mabuloko awo? Ena ukangowakanda ndi chala amayoyoka. Zimandiwawa, chifukwa amene amagula ndi munthu woti wasunga ndalama zaka zambiri, ndipo tonse tinaona zimene namondwe wa Freddy anachita mu 2023.

Kolowera kulipo: mafakitale a simenti ku Kasungu ndi ku Mangochi, Malawi Bureau of Standards ku Blantyre, makontilakitala a misewu. Likulu la Geological Survey, nthambi ya boma yofufuza za miyala ya pansi pa nthaka, lili mom'muno mu Zomba. Mwanayo apite akapemphe kucheza ndi ogwira ntchito kumeneko asanapereke fomu, amve kuchokera kwa eni ake.

Achimwene a ku Jali:
Zimene anena a Bambo a Tadala n'zoona, koma mayi mumvenso mbali inayo, poti ana ambiri akusankha maphunzirowa chifukwa cha nkhani za migodi za pa wailesi. Miyala tili nayodi: rare earths ku Kangankunde ku Balaka ndi ku Songwe Hill ku Phalombe, rutile ndi graphite ku Kasiya ku Lilongwe. Kungoti mgodi suyamba lero n'kulemba anthu mawa. Kufufuza, kukambirana ndi boma ndi kusaka ndalama kumadya zaka. Ukayambanso umayendera mitengo ya kunja. Mgodi wa uranium wa Kayelekera ku Karonga anatsegula mu 2009, anaimitsa mu 2014 mtengo wa uranium utagwa, ndipo wadzayambiranso mu 2025. Amene ankadziwa ntchito ya pamalo pomwepo yokha anavutika zaka zonsezo.

Ndiye ine ndikuti alembe metallurgy yakeyo, koma pachiwiri aike chemical kapena mechanical engineering, chifukwa amenewo amalowanso ku shuga, ku madzi ndi ku magetsi. Akalowa asamagone pa holide. Azipempha attachment, kapena kuti kukaphunzira ntchito, kulikonse kumene kuli labu, ngakhale osalipidwa, ndipo akamaliza akalembetse ku bungwe la mainjiniya la Malawi Engineering Institution.

Anaphiri, Sadzi:
Amayi, ine ndili chaka chachinayi cha engineering. Atsikana tilipo ochepa koma tikukhoza. Mumuuze kuti zaka ziwiri zoyambirira ndi masamu okhaokha pafupifupi, ndiye miyezi imene akudikira mayina isapite pachabe, abwereze masamu. Laputopu adzaifuna ndithu, yakale yomwe imagwira. Za loni ya boma afunsire msanga akangosankhidwa, mafomu ake sadikira munthu.

Nachisale, Matawale:
Zikomo nonse, ndamuwerengera zonse. Wati ku Geological Survey apita Lolemba, ndipo pachiwiri aika chemical. Amalume ake sanagonjebe, akubwera Loweruka kuti tidzakambirane. Bambo a Tadala, kodi ku labu kwanuko mungamulole adzaone tsiku lophwanya konkireti?

Bambo a Tadala, Chinamwali:
Ndiyamba ndapempha kwa abwana, ndikuyankhani mawa. Akalola, abwere atavala nsapato zotseka ndi thalauzi. Chipewa ndi magalasi oteteza maso tidzamubwereka konkuno.