Andipempha kutsogolera masikauti pasukulu yathu ku Nkhotakota: kodi munthu amene sanalowepo m'gululi angakwanitse?

Nachisale, Linga, Nkhotakota

Moni nonse, akuluakulu ndi anzanga. Ndine mayi wa ana atatu, ndimagulitsa mpunga ndi ufa wa kondowole pamsika, ndipo ndili m'komiti ya makolo ndi aphunzitsi pasukulu ya pulayimale imene ana anga amaphunzira. Pasukulupo pali gulu la masikauti la anyamata ndi atsikana a Sitandade 5 mpaka 8, koma mphunzitsi wamkazi amene ankathandiza kulitsogolera wasamutsidwa, ndipo mphunzitsi wamwamuna amene watsala wanenetsa kuti sangapitirize yekha popanda munthu wamkulu wamkazi. Ahedi andipempha kuti ndilowe m'malomo, ndipo ndawauza kuti andipatse nthawi ndiganizire kaye.

Mtima wanga ukufuna, chifukwa ndaona ndi maso anga mmene mwana wanga wamkazi wasinthira chilowereni m'gululi, koma pali zinthu zimene zikundibweza m'mbuyo. Ine sindinakhalepo sikauti ndili mwana, si ine mphunzitsi, ndipo mfundo za chingwe zimene anawa amamanga sindizidziwa. Gululi limakumana Loweruka m'mawa, nthawi imene malonda amayenda bwino pamsika. Ndikufunanso kudziwa ngati mtsogoleri amalandira kangachepe, kapena ngati yunifolomu ndi maulendo zimachoka m'thumba mwake. Amalume anga atamva nkhaniyi anakwinya nkhope nkunena kuti izi ndi za Apayoniya zimene zabweranso ndi dzina lina, ndipo ndinasowa chowayankha. Chachikulu kuposa zonsezi ndi chakuti anawa akuyembekezera kukagona kukampu m'mbali mwa nyanja sukulu ikatsekera, ndipo ine ndikaganiza za ana a eni ake pafupi ndi madzi, tulo sindipeza. Amene munayendapo njira imeneyi, chonde ndiunikireni.

Mphunzitsi wopuma, Senga Bay, Salima

Mayi Nachisale, zikomo pofunsa musanavomere, chifukwa ambiri amavomera pamsonkhano pochita manyazi kenako nkumazemba, ndipo amene amakhumudwa ndi ana. Ndiyambe ndi nkhawa yanu yakuti simunakhalepo sikauti. Zimenezo zisakuvutitseni mutu, pakuti gululi linakonzedwa kuchokera pachiyambi m'njira yakuti ntchito yambiri izigwiridwa ndi ana eni ake. Pamene Robert Baden-Powell anachititsa kampu yoyamba pachilumba cha Brownsea ku England mu 1907, anatenga anyamata 20 nkuwagawa m'timagulu tinayi, kagulu kalikonse kali ndi mtsogoleri wake wochokera pakati pa anyamata omwewo. Dongosolo limenelo lilipobe mpaka lero: ana asanu ndi mmodzi kapena kufika asanu ndi atatu amapanga kagulu kotchedwa patrol, amadzipatsa dzina, kawirikawiri la nyama kapena mbalame, ndipo amaphika, kumanga tenti ndi kuphunzira limodzi. Inu ntchito yanu idzakhala kukhala pansi ndi atsogoleri a timaguluti, kumva zimene akufuna kuchita, kuwathandiza kuona chimene chingatheke ndi chimene sichingatheke, kenako nkuima pambali maso ali tcheru.

Kuima pambaliko ndiye kovuta kwa ife makolo. Mudzaona mtsikana wa zaka khumi ndi ziwiri akulimbana ndi moto umene ukukana kuyaka chifukwa wapanikiza nkhuni pamafuwa, utsi ukumulowa m'maso, anzake akudandaula kuti nsima ichedwa, ndipo manja anu adzayabwa kuti mumulande machesi. Musamulande. Mufunseni chabe kuti mpweya ukulowera pati, ndipo akadzachotsa yekha nkhuni ziwiri moto nkulilima, phunziro limenelo sadzaliiwala. Mfundo za chingwe anawo adzakuphunzitsani, ndipo mwana amene waphunzitsa munthu wamkulu amakula mumtima tsiku lomwelo.

Komabe maphunziro a atsogoleri ndi ofunika, ndipo musawanyalanyaze. Bungwe loyang'anira gululi m'dziko muno ndi Scout Association of Malawi, limene linalandiridwa kukhala membala wa bungwe la masikauti lapadziko lonse mu 2005. Pemphani ahedi ndi mphunzitsi watsalayo kuti akulumikizeni ndi akuluakulu a bungweli m'boma lanu, mulembetse dzina lanu ngati mtsogoleri, ndipo mufunse za maphunziro oyamba. Amene apitirira amafika pa maphunziro apamwamba otchedwa Wood Badge, amene anayambira ku Gilwell Park pafupi ndi London mu 1919, ndipo wowamaliza amavala timikanda tamtengo pakhosi. Timikanda toyambirira tinachotsedwa pamkanda wa Dinizulu, mfumu ya Azulu, ndipo Baden-Powell mwiniwake anamwalira mu 1941 ku Nyeri m'dziko la Kenya, komwe kuli manda ake. Ana amasangalala kumva zimenezi, chifukwa ambiri amaganiza kuti gululi lilibe mizu mu Africa.

Namwino, Dwangwa

Achemwali anga, ndikugwirizana ndi zimene anena aphunzitsi, koma ndikufuna kuika malire pa mawu awo akuti mtsogoleri aziima pambali. Pamoto ndi pophika imani pambali ndithu, koma pamadzi ayi. Nkhawa yanu ya nyanja ndi yoyenera, ndipo kwa ine ndi chizindikiro chakuti ndinu munthu woyenera ntchitoyi.

Tchuthi chachitali cha sukulu chimagwa nthawi imene mwera umakhala usanathe, ndipo tonse a kuno tikudziwa kuti nyanja imene yagona m'mamawa imatha kulusa dzuwa lisanafike pamutu. Musanasankhe malo a kampu, pitani nokha mukaonane ndi mfumu ya mudziwo ndi asodzi a padokopo, chifukwa iwo ndi amene amadziwa pamene pali phompho pansi pamadzi, pamene mvuu zimatulukira usiku, ndi pamene ng'ona zinaonekapo. Pewani malo a mabango ndiponso pafupi ndi mathiriro a mitsinje monga Bua ndi Kaombe kapena pakhomo la Chia. M'madzi odekha okhala ndi udzu ndi momwenso mumakhala nkhono zofalitsa likodzo, ndipo mwana akayamba kukodza magazi patapita milungu ingapo, makolo adziwe kuti kuchipatala kuli mankhwala ake.

Ngati mwalola kuti ana alowe m'madzi, tengani chingwe chachitali, mumangirire zigubu zopanda kanthu zotsekedwa bwino, muchitambasule pamene madzi akulekeza m'chiuno mwa mwana wamfupi kuposa onse, ndipo pasakhale wodumpha chingwecho. Mwana aliyense akhale ndi mnzake wolowa naye ndi kutuluka naye. Munthu wamkulu wodziwa kusambira aime m'madzi kuseri kwa chingwe, wina aime pamtunda ndi wezulo, osacheza ndi munthu komanso osayang'ana foni, ndipo wezulo ikalira ana agwirane manja awiriawiri nkuwakweza m'mwamba kuti awerengedwe. Ana okulira kunyanja ndi amene amavuta kwambiri pa lamuloli chifukwa amadzidalira. Bwato la asodzi ana asakwere, ngakhale mwini wake atakhala wachibale.

Mbali ina imene anthu sakonda kuitchula ndi chitetezo cha ana kwa akuluakulu omwe akuwatsogolera. Mphunzitsi amene wakana kupitiriza yekha wachita mwanzeru. Munthu wamkulu asakhale yekha ndi mwana mmodzi pamalo obisika, asagone m'tenti imodzi ndi ana, ndipo asamalemberane mauthenga apafoni ndi mwana makolo osadziwa. Lamuloli limateteza mwana, limatetezanso mbiri ya mtsogoleri wosalakwa. Bungwe la masikauti lapadziko lonse linakhazikitsa ndondomeko yake yoteteza ana yotchedwa Safe from Harm mu 2017, ndipo kuno kwathu tili ndi lamulo losamalira ndi kuteteza ana la 2010, komanso malamulo oyendetsera dziko amati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana. Mwana akakuululirani kuti wina akumuchita nkhanza, musalonjeze kuti musunga chinsinsi, ndipo musayese kuithetsa nkhaniyo pachibale. Mvetserani modekha, kenako dziwitsani ahedi, ofesi yoona za chisamaliro cha anthu, kapena nthambi ya polisi yothandiza ochitiridwa nkhanza. Nambala ya foni yothandiza ana ya 116 ndi yaulere ndipo ana onse aidziwe pamtima.

Atsikana a Sitandade 7 ndi 8 ena amatha msinkhu ali kukampu komweko, kutali ndi amayi awo ndi anankungwi, ndipo sangapite kwa mphunzitsi wamwamuna. M'chikwama chanu musasowe mapadi, sopo ndi chitenje chapadera. Madzi akumwa athiridwe kulorini, pakuti tonse tikukumbukira mmene kolera inavutira m'maboma a m'mbali mwa nyanja mu 2022 ndi 2023, ndipo mwana aliyense abwere ndi neti yake ya udzudzu.

A Mbewe, Khombedza, Salima

Mayi, anzanga alongosola bwino za ana, ine ndiyankhe za ndalama ndi za amalume anu. Alawansi kulibe, ndipo ndi bwino muuze a kunyumba kwanu zimenezi poyera musanayambe, chifukwa kumidzi kwathu kuno anthu anazolowera kuti aliyense wovala yunifolomu ya bungwe amasayinira kenakake. Akakuonani mutavala sikafu adzaganiza kuti mukudya nokha, ndipo makolo ena adzakana kusonkha ufa wa kukampu poganiza kuti pali azungu amene atumiza kale ndalama. Mankhwala ake ndi kuchita zonse poyera. Ndalama za gulu musasunge inu. Pakhale kholo lina losunga chuma, pakhale kope lolembamo ndalama iliyonse yolowa ndi yotuluka, ndipo kopelo liziwerengedwa pamaso pa makolo kamodzi pateremu. Kholo limene lilibe ndalama libweretse ufa, nyemba, usipa kapena nkhuni, ndipo zimenezo zilembedwe m'kope lomwelo mofanana ndi ndalama.

Pa yunifolomu ndili ndi maganizo amene atsogoleri ena sagwirizana nawo. Ine ndimati mwana asabwezedwe chifukwa alibe malaya a gulu. Gulani nsalu ya mtundu umodzi, telala adule masikafu a ana onse, aliyense avale pamwamba pa yunifolomu ya sukulu, ndipo malaya adzabwera pang'onopang'ono. Gulu likayamba kuoneka ngati la ana a anthu apantchito okha, ana a asodzi ndi alimi amadzipatula okha osauzidwa ndi munthu.

Za Loweruka, musataye malonda amene akudyetsa ana anu. Kambiranani kuti gulu lizikumana masana a tsiku lina ana akaweruka, kapena Loweruka madzulo, koma kumbukirani kuti ku Nkhotakota ana ambiri amapita kumadrasa masana, ena ndi a Sabata, ena ali ndi kwaya, kotero tsikulo lisankhidwe makolo a zipembedzo zonse alipo. Kukampunso ndiwo zikhale zoti ana onse adye mphika umodzi, ndipo pakhale nthawi yoti aliyense apemphere monga mwa chikhulupiriro chake.

Amalume anu musawatsutse mwachipongwe, chifukwa zimene akukumbukira zinachitikadi. Gulu la Malawi Young Pioneers linayamba mu 1963, linali nthambi ya chipani cholamula, linali ndi mabesi ndi mfuti, ndipo asilikali analilanda zida mu Disembala 1993. M'zaka zimenezo ntchito za achinyamata zinali m'manja mwa gulu limenelo, ndiye munthu wachikulire akaona ana ali pamzere atavala zofanana, mtima umamubwezera komweko. Kusiyana kwake ndi kwakuti masikauti salowerera ndale za chipani, sakakamiza munthu kulowa, ndipo sagwira zida. Koma mawu okha sangawakhutiritse. Aitaneni adzaonerere tsiku limene ana akubzala mitengo m'nyengo ya dzinja kapena akuphunzira chithandizo choyamba, ndipo muwapemphe aphunzitse anawo kupota chingwe cha khonje kapena luzi. Inunso mudzakhale wolimba mtima kukana andale akadzapempha kuti ana anu akaime pamzere pamsonkhano wa chipani atavala masikafu.

Nachisale, Linga, Nkhotakota

Zikomo kwambiri nonse, mwandimasula pa zambiri. Ndakambirana ndi ahedi ndipo avomera kuti aitanitse makolo kuti tisankhe tsiku lina ndi msungichuma. Funso limene latsala ndi lakuti, popeza tchuthi chayandikira ndipo ine maphunziro sindinachite, kodi kampu ya kunyanjayi ichitike chaka chino, kapena ndiwauze ana kuti adikire? Ndikuopa kuwakhumudwitsa pa chinthu choyamba chimene ndidzanene ngati mtsogoleri wawo.

Mphunzitsi wopuma, Senga Bay, Salima

Mayi, kunyanja kudikire, koma kampu isalephereke. Chitani ya usiku umodzi pabwalo la sukulu pomwepo, pamene pali mjigo ndi zimbudzi, ndipo makolo angathe kufika msanga mwana akadwala. Atsikana agone m'kalasi ina ndi anyamata ina ngati matenti palibe, kholo lililonse lisayine kalata yololeza yolembedwa nambala ya foni ndi matenda amene mwana ali nawo, ndipo kagulu kalikonse kaphike pamoto wake. Nkhaniyi musailengeze nokha pamzere. Itanani atsogoleri a timagulu, muwafotokozere zimene anena anamwino za mwera ndi chingwe cha zigubu, muwapatse ntchito yolemba zonse zimene gulu liyenera kukhala nazo lisanapite kunyanja, ndipo iwo ndi amene akauze anzawo. Usiku umodzi umenewo udzakuonetsani ana amene amamvera wezulo ndi amene samvera, komanso makolo amene mungawadalire kudzaima nanu m'madzi chaka chamawa.