Kodi Eilis akanabwerera ku Brooklyn pakanapanda mayi wa m'gulosale uja?

Nangozo wa ku Cape Town

Ndikufunsa kwa inu amene munaonerapo filimu ya Brooklyn, ija ya 2015, imene Saoirse Ronan akusewera ngati Eilis, mtsikana wa ku Enniscorthy ku Ireland wokwera sitima ya pamadzi kukafuna moyo wina ku New York kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950. Ine ndaionera Lamlungu usiku nditaweruka, koma mpaka lero mtima sunakhale m'malo.

Anthu amaitchula kuti filimu ya chikondi, ndipo chikondicho chilimo ndithu. Tony, pulambala wa Chitaliyana uja, amamudikira panja usiku pamene akutuluka kusukulu yowerengera ndalama, n'kumuperekeza mpaka kunyumba. Ndinasekanso pamene atsikana anzake akumuphunzitsa kudya supageti kuti asakachite manyazi kwa makolo a mnyamatayo. Koma chimene chinandigwira ndi Rose, mkulu wake. Ndi Rose amene anakonza ulendo wonse kudzera mwa Bambo Flood, wansembe wa ku Brooklyn, iye n'kutsala kusamala mayi awo, akubisa matenda a mtima. Anamwalira Eilis ali kutsidya la nyanja, maliro n'kuikidwa iye kulibe.

Ndinaimitsa filimuyo pamenepo. Achemwali anga nawonso anagulitsa chimanga ndi mbuzi ziwiri kuti ndipeze pasipoti ndi ya basi. Uthenga wa imfa yawo unandipeza pa WhatsApp ndili pakati posita malaya a abwana. Ndinayenda masiku anayi, ndipo kufika ku Ntcheu ndinapeza nkhata zamaluwa zitayamba kale kufota pamanda.

Funso langa nali. Eilis akwatiwa ndi Tony mwakabisira asananyamuke kukapepesa mayi ake. Kufika kwawo sakuuza aliyense. Akumupatsa ntchito imene Rose ankagwira, ayamba kuyenda ndi Jim Farrell, makalata a Tony akungowaika m'dirowa osatsegula. Akudzidzimuka pokhapokha Miss Kelly, mayi wa m'gulosale amene ankamugwirira ntchito kale, atamuitana n'kumuuza kuti za ukwatiwo wamva. Ndiye kodi anabwerera chifukwa chokonda mwamuna wake, kapena chifukwa chinsinsi chinaululika? Mayi uja akanapanda kulankhula, bwenzi atakhala?

Aphunzitsi Opuma, Dedza

Mayi Nangozo, pepani ndi imfa ya achemwali anu. Filimuyi anandionetsa ndi mdzukulu wanga pa laputopu, ndipo maganizo anga ndi akuti akanakhala. Akuluakulu anati kwanu n'kwanu, m'thengo mudalaka njoka. Taonani mmene nkhope yake ikuwalira pamene akuyenda pamchenga kunyanja ndi Jim, gombe lonse lopanda anthu, pamene ku Coney Island, gombe la ku New York kumene anapita ndi Tony, kunalibe ndi popondapo. Zimene ankasowa poyamba, ntchito ndi munthu womuona, tsopano zamupeza pakhomo.

Koma ine sindimuikira kumbuyo. Jim sanalakwe kanthu. Anamutengera kwa makolo ake, akuganiza za tsogolo, osadziwa kuti akufunsira mkazi wamwini. Mapeto ake angomusiyira kalata. Munthu sachita choncho kwa mnzake. Bambo anga anapita ku Wenela ine ndili wamng'ono, n'kutchona zaka zisanu ndi zinayi. Tinadzamva mochedwa kuti anali ndi banja lina ku Joni. Mayi anga sanadandaule kwambiri za mkazi winayo ayi, chimene chinawapweteka n'chakuti zaka zonsezo ankayala mphasa ya munthu amene anadziwa kale kuti sabwera. Choncho ndikaona mayi ake a Eilis akumutsanzika usiku womwewo n'kukalowa kuchipinda, osafuna kudzamuonanso m'mawa, mtima wanga uli ndi iwowo. Mwana mmodzi kumanda, wina pasitima.

Chisale_Wexford

Achemwali, ine ndimagwira ntchito yosamalira okalamba kuno ku County Wexford, ndipo Enniscorthy ndimadutsako kawirikawiri. Gombe limene Aphunzitsi akunenalo ndi Curracloe, ndinapondapo, mchenga wake ndi wautali moti maso amatopa. Za ku Brooklyn zambiri anajambulira ku Montreal, ku Canada.

Chimene ndaphunzira kwa agogo amene ndimawasambitsa ndi kuwadyetsa n'chakuti nkhani ya Eilis inali ya pafupifupi banja lililonse. M'zaka za m'ma 1950 zokha anthu oposa 400,000 anachoka m'dziko muno, ambiri kupita ku Britain osati ku America, ndipo pofika 1961 anthu otsala anali pafupifupi 2.8 miliyoni basi. Kuchokako kunakula ndi njala ya mbatata ya kachewere imene inayamba mu 1845, imene inapha anthu pafupifupi miliyoni imodzi n'kuthamangitsa enanso ochuluka chomwecho. Kale munthu akamapita ku America ankamuchezera usiku wonse ngati pa siwa, podziwa kuti mwina sadzaonananso. Gogo wina amene ndimamusamala akuti mwa ana asanu ndi atatu a m'nyumba mwawo anatsala yekha. Amasunga makalata a abale ake m'chitini cha mabisiketi, ndipo masiku ena amandipempha ndimuwerengere, poti maso anafooka.

Pa funso lanu, ine ndikuti musamupatse Miss Kelly mphamvu zambiri. Mayiyo sanamuthamangitse, anangomukumbutsa. Eilis anali ataiwala mtundu wa tauni imene anathawa, kumene wolemera amagula asanafike pamzere, wosauka n'kunyozedwa pamaso pa anthu, ndiponso aliyense amadziwa za m'nyumba mwa mnzake. Tauniyo inamukonda atabwera ndi madiresi owala ndi satifiketi ya ku Brooklyn College. Poyamba paja inkangomupatsa ganyu ya Lamlungu. Mukaganiza bwino, amene Jim anamukonda ndi mkazi amene Brooklyn inamuumba. Ngakhale mayiyo akanatseka pakamwa, tsiku lina miseche yomweyo ikanamupeza panjira ina.

Komanso kumbukirani madala aja a pa Khrisimasi, amene Eilis akuwagawira chakudya kuholo ya parishi. Anthu amene anakumba njira zapansi ndi kumanga milatho ya New York, okalamba, opanda wowayembekeza kwawo. Mmodzi akuimirira n'kuimba m'Chiairishi, holo yonse zii. Amenewo ndi matchona enieni. Ndikaona pamenepo ndimakumbuka madala ena amene ndinawapeza ku Joni, Chichewa chikadali pakamwa koma kumudzi anzawo onse anatha.

Buku la Colm Tóibín la 2009, limene anatengako filimuyi, likutha mosiyana. Mulibe kukumbatirana ndi Tony, likusiyira Eilis ali m'sitima ya pamtunda akuchoka ku Enniscorthy, mtima uli pawiri. Aphunzitsi mukanalikonda bukulo, likugwirizana ndi inu kuposa ine.

Tiya265

Ine ndikukana zoti Jim ndi amene anavutika kwambiri. Nanga Tony? Munthu wosadziwa bwino kulemba, mpaka kupempha kamng'ono kake ka zaka zisanu ndi zitatu kuti kamuthandize kalata, kenako osayankhidwa. Uja anamuonetsa kale malo ku Long Island oti adzamangepo nyumba, pali udzu wokhawokha. Koma nayenso anamukakamiza ukwati chifukwa cha mantha kuti sabwera. Onse awiri ankamukoka, mayi ake ankamukoka, ndipo palibe amene anamufunsa kuti iwe ukufuna chiyani, mtsikana woti wangoferedwa kumene.

Nangozo wa ku Cape Town

Zikomo nonse. Achimwene a Chisale, mawu anu akuti tauniyo inamukonda atabwera ndi madiresi andilasa. Nditapita kumaliro kuja ndinakhala miyezi iwiri. Anthu amene kale sankandipatsa ndi moni yemwe ankabwera kudzandiona, ena kundiuza za malo ogulitsa pamsika, ena za mwana wa auje amene sanakwatire. Ndinayamba kukhulupirira kuti ndingathe kukhala. Amayi sananene kanthu, ankangondiphikira nkhwani wotendera tsiku ndi tsiku, podziwa kuti kuno ndimausowa.

Ine kunalibe Tony wondidikira, kapena Miss Kelly wondiopseza. Kunali ana atatu a achemwali ofunika fizi, wamkulu ali Fomu 2. Ndinakwera basi m'bandakucha, amayi atandimangira ufa ndi mtedza m'kathumba, ndipo sanandiperekeze kumsewu, anati miyendo ikuwawa. Aphunzitsi, pamene munanena za mayi ake a Eilis olowa kuchipinda paja, m'pamene ndazindikira kuti sinali miyendo. Ndiwaimbira foni usiku uno ndikaweruka.