Thandizeni: tizilombo tokhala mmadzi opanda oxygen

Abale moni nonse, ndithandizeni pa nkhani iyi yandisokoneza mutu ndithu. Ndimaphunzitsa biology ku sekondale, ndiye dzulo ndimawerenga za nyanja ya Cadagno ku Switzerland, ili mmapiri pamalo okwera pafupifupi mamita 1,921 kuchoka pa mulingo wa nyanja yamchere, kuya kwake ndi mamita 21 basi. Madzi ake apamwamba ndi apansi sasakanikirana, apansi ndi olemera chifukwa cha mchere wochokera mmiyala ndipo mulibe oxygen, muli hydrogen sulphide uja amanunkha ngati mazira oola. Pomwe madzi awiriwa akumanirana, cha pa mamita 12, pamadzadza mabakiteriya ofiirira monga Chromatium okenii, amapanga chakudya ndi kuwala kwa dzuwa komanso sulphide, osatulutsa oxygen ngakhale pang'ono.

Nde funso langa lili pa nyanja yathu ya Malawi, nayo madzi ake akuya kupitirira mamita 200 kapena 250 alibe oxygen, nsomba sizifikako. Koma kumeneko dzuwa silifika, nanga tizilombo takumeneko timadya chani? Ana anga andifunsa ndipo ndikufuna ndiwayankhe zenizeni Lolemba. Amene munaphunzira zimenezi chonde ndifotokozereni mosavuta.